Wopita ku Dar es Salaam asiye suti kunyumba



Disembala akamayandikira, pamsika wa kwathu kuno nkhani imakhala ya ku Dar es Salaam. Amayi a banki m'khonde agawana ndalama, uyu akufuna akapikule zitenje ndi nsapato za ana za Khrisimasi, uyo mphwake waitanitsa galimoto kuchokera ku Japan ndiye akufuna womuperekeza kudoko. Ambiri mwa anthuwa umakhala ulendo wawo woyamba kutuluka m'dziko muno. Amafunsa za pasipoti, za mtengo wa basi, za kosintha ndalama, ndipo amachita bwino kufunsa. Koma za zoika m'chikwama safunsa munthu, poti aliyense amati kulongedza ndi nkhani ya mwana. Apo ndi pomwe ndati ndiikepo mawu, chifukwa ndaonapo anthu akudwala, ena kuononga mpamba wapangongole pogula zovala zina kumeneko, kaamba ka chikwama cholongedzedwa molakwika.

Ife Amalawi tikamapita kutali timalongedza ulemu. Bambo amatenga suti yomwe adavala paukwati, tayi, nsapato yachikopa yopolishidwa bwino. Mayi amatenga chilundu chokhuthala, diresi ya nayiloni yonyezimira, wigi yatsopano. Onse awiri saiwala bulangete. Cholinga n'chakuti asakanyozeke kwa eni. Maganizowo ndi abwino, koma Dar es Salaam ndi mzinda womwe uli m'mphepete mwa nyanja yamchere ya Indian Ocean, ndipo kutentha kwake sikulabadira ulemu wa munthu.

Wina anena kuti, "Aphunzitsi, ine ndine wa ku Nsanje, dzuwa mundiuza chiyani?" Zoona, ku Nsanje ndi ku Chikwawa mu Okutobala ndi Novembala kumatentha mpaka kupitirira madigiri 40, pomwe ku Dar miyezi yotentha kwambiri, kuyambira Disembala mpaka Malichi, masana kumakhala cha m'ma 32. Pamanambala, Chigwa cha Shire chapambana. Koma kutentha kwa mu Okutobala kwathu kuno n'kouma. Ukatuluka thukuta mphepo imaliumitsa, ndipo thukuta likamauma limachotsa kutentha m'thupi. Ndi momwe mtsuko wadothi umaziziritsira madzi: timadzi tomwe timatuluka m'mbali mwa mtsukowo tikamauma, am'katiwo amazizira. Ku Dar mpweya umachokera panyanja utakhuta kale chinyezi, ndiye ulibe malo olandirira thukuta lako. Limangokhala pakhungu, kutsika ndi msana, kunyowetsa lamba, koma osakuziziritsa. Chitungu chija timamva kwathu kuno mvula ikatsala pang'ono kugwa, chomwe chimatha mvulayo ikangovumba, kumeneko ndiye nyengo ya tsiku ndi tsiku. Ndipo usiku sikupepuka kwenikweni. Nyanja imasunga kutentha kwa masana n'kumakutulutsa pang'onopang'ono, mwakuti pakati pausiku kumakhalabe cha m'ma 25. Munthu umasamba, kupukuta, n'kuyambanso kunyowa usadamalize kumanga mabatani.

Mukamvetsa zimenezi, zonse zoika m'chikwama zimadzilongosola zokha. Nsalu yoyenera ndi ya thonje, yopyapyala, yotakasuka, yamtundu wowala. Nayiloni ndi poliyesitala sizimwa thukuta, zimangolitsekera pakhungu, ndipo pofika tsiku lachiwiri m'khosi, m'khwapa ndi m'mphechepeche mumatuluka tinsungu toyabwa. Malaya ambiri omwe timawakonda pakaunjika chifukwa safuna kusita ndi a mtundu womwewo. Musadagule, tembenuzani malayawo muone kansalu kolembedwa kam'kati, kapena finyani m'manja: thonje limakwinyika n'kukhala choncho, pomwe nayiloni imabwerera. Kukwinyikako musakuope, palibe amene adzakuyang'aneni makwinya ku Kariakoo.

Jinzi ndiye ndikanakonda ikanatsala, ngakhale ndikudziwa kuti achinyamata sandimvera. Ndi thonje, inde, koma lolemera. Ikanyowa ndi thukuta imasupula ntchafu, ndipo mukaichapa madzulo, mawa lake mupeza ikadali yonyowa. Ili ndi vuto lomwe anthu saliganizira: kumeneko zochapa siziuma msanga ngati kuno. Chovala chokhuthala mukachipinda chisadaumitsitse chimayamba fungo, masiku atatu chachita nguwi. Choncho m'malo mwa zovala zisanu ndi ziwiri zolemera, tengani malaya atatu kapena anayi opepuka, mathalauza kapena masiketi awiri, ndi sopo wochapira. Mukafika kogona madzulo chapani zomwe mwavula, yanikani pomwe pakupita mphepo kapena pansi pa fani. Kachingwe ka mamita atatu ndi mapegisi ochepa sizitenga malo. Zam'kati zokha ndiye musaumire, tengani zochuluka, chifukwa mudzasintha kawiri patsiku.

Eni dera adaidziwa kalekale nyengo yawo, ndipo n'kwanzeru kuonera iwo. Abambo ambiri a m'mphepete mwa nyanja amavala kanzu, mkanjo woyera wotakasuka womwe Asilamu a ku Mangochi amaudziwa bwino. Amayi amavala dera, diresi lalikulu losagwira thupi, kapena kanga, nsalu ya thonje yopyapyala kuposa chitenje chathu, yogulitsidwa iwiriiwiri ndipo m'munsi mwake mumakhala mawu a Chiswahili. Mayi wanzeru sanyamula zovala zambiri kuchokera kuno. Amatenga zovala za masiku awiri, akafika n'kugula dera kapena kanga, kuvala komweko, pobwera n'kukhala nazo zokumbukira. Koma funsani kaye tanthauzo la mawu omwe alembedwa pakangapo musadagule, chifukwa ena ndi odalitsa, ena ndi okuluwika olasa mkazi mnzako, ndipo simungafune kuyenda mumsika mukunyoza anthu osadziwa.

Izi zikutiuzanso kuti kutentha si chilolezo choyenda maliseche. Mzindawu udayambitsidwa ndi Sultan Majid wa ku Zanzibar m'zaka za m'ma 1860, ndipo mpaka lero Asilamu ndi ochuluka, makamaka ku Kariakoo, ku Ilala ndi ku Magomeni. Kabudula wamfupi ndi malaya oonetsa mapewa n'zololedwa kunyanja, koma mumsika zimakuitanirani maso, ndipo wamalonda amene wakupeputsa satsitsa mtengo. Chovala chachitali chotakasuka chimaziziritsa kuposa chachifupi chothina, komanso chimatchinga dzuwa. Chitenje chimodzi chopepuka chikhale m'chikwama cha m'manja, kaya ndinu mayi kaya bambo. Chimakhala chofunda, chopukutira, choyala pabedi lomwe simukulikhulupirira, chophimba kumutu, ngakhale chomangira katundu chikwama chikang'ambika.

Nanga bulangete? Apa ndi pomwe ulendowu umasokoneza anthu. Ku Dar simudzalifuna ngakhale usiku umodzi. Koma kuti mukafike ku Dar pabasi muyenera kudutsa m'mapiri. Mukachoka ku Karonga kotentha kuja n'kuwoloka pa Songwe kulowa Kasumulu, msewu umayamba kukwera. Ku Tukuyu, komwe kuli minda ya tiyi ndi nthochi ngati ku Thyolo, kumakhala nkhungu ndi mawawa. Mbeya ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,700, kukwera kuposa Mzuzu. Kuchoka apo mpaka ku Dar ndi mtunda woposa makilomita 800, ndipo chigawo choyamba, kudutsa Makambako, Mafinga mpaka Iringa, ndi chapamwamba pokhapokha. Ku Makambako kumawomba mphepo yolasa m'mafupa, makamaka mu Juni ndi Julaye. Kutentha kumayamba mukatsika phiri la Kitonga kulowa m'chigwa cha milambe, kenako Mikumi, komwe msewu umadutsa m'kati mwa nkhalango yosungira nyama ndipo mukakhala ndi mwayi mumaona njovu ndi akadyamsonga muli pawindo, kenako Morogoro ndi Chalinze. Ulendo umodzi, nyengo zitatu. Yankho lake si bulangete, lomwe lidzadya theka la chikwama sabata yonse. Ndi juzi imodzi kapena jekete yopepuka, masokosi, ndi chitenje chija. Zivaleni pokwera kapena zikhale pamiyendo panu, osati m'buti pansi pa basi, chifukwa kondakitala sangakutsegulireni buti pakati pausiku kaamba koti mwazizidwa.

Za nsapato ndinene mwachidule. Yachikopa yotseka, yatsopano, idzakutupitsani matuza tsiku loyamba, poti mapazi amatupa pabasi ndiponso m'kutentha. Tengani masandasi olimba omwe mudayendapo kale, ndi patapata wosambira. Gogoda atsale. Ku Kariakoo mudzayenda tsiku lonse m'tinjira todzaza anthu, ngolo ndi njinga zamoto, kukwera masitepe a nyumba zosanja kufunafuna sitolo yotchipa. Dzina la Kariakoo lidachokera ku Carrier Corps, gulu la amtengatenga a pankhondo yoyamba ya dziko lonse omwe ankakhala pamalopo, ndipo mpaka lero aliyense wolowa mmenemo amatuluka ali mtengatenga. Ngati mukupita pakati pa Malichi ndi Meyi, nyengo ya mvula yaikulu yomwe eni ake amati masika, dziwani kuti madzi amadzaza m'misewu, ndipo mtsinje wa Msimbazi ukasefukira pa Jangwani magalimoto amaima. Mvula ina yocheperapo imagwa cha mu Okutobala mpaka Disembala. Ambulera yopinda ndi yabwino kuposa renikoti, yomwe m'chinyezi chija imakunyowetsani ndi thukuta lanu lomwe kuposa momwe mvulayo ikadachitira. Ambulerayo imathandizanso padzuwa. Amene angathe kusankha nthawi, Juni mpaka Ogasiti ndiyo miyezi yomwe mzindawu umapumako.

Tsopano za thupi, zomwe kwa ine ndi zazikulu kuposa zovala. Munthu wotuluka thukuta tsiku lonse amataya madzi ndi mchere osazindikira. Amayi athu ambiri amadziletsa dala kumwa madzi pabasi poopa kuvutitsa dalaivala kuti aime, ndiye amafika ali ouma kale, n'kulowa mumsika dzuwa lili paliwombo. Pofika masana mutu ukuwawa, chizungulire, miyendo kukokana, iwo n'kumati ndi malungo kapena awalodza amalonda anzawo. Chizindikiro chosanama ndi mkodzo: ukakhala wochepa ndi wofiirira, thupi likupempha madzi. Nyamulani botolo lanu, muzigula madzi a m'botolo osatsegula, a pampopi asiyeni. Ikani m'chikwama timapaketi tingapo ta ORS, tomwe tija timapatsa ana akatsegula m'mimba. Tikasowa, lita imodzi ya madzi abwino, masupuni aang'ono asanu ndi imodzi a shuga osadzaza mpaka phiri, ndi theka la supuni yaing'ono ya mchere. M'misewu amagulitsa madafu, kokonati wosakhwima yemwe amamusema pamwamba inu mukuona n'kukupatsani kuti mumwe madzi ake. Palibe chakumwa cha m'botolo chomwe chimafikapo.

Mafuta odzola okhuthala aja timadalira mu Juni khungu likamatuwa, asiyeni. Kumeneko khungu silituwa, ndipo mafutawo amangotseka thukuta. Kabotolo kakang'ono kokha n'kothandiza kupaka pomwe ntchafu zimakhulana. Paudala ndiye bwenzi. Kansalu kopukutira thukuta katengeni kawiri, kena kakamauma kena kali m'thumba. Chipewa chisasowe, ndipo abale athu achialubino asanyamuke opanda mafuta oteteza kudzuwa ndi malaya aatali manja, chifukwa dzuwa la kunyanja limawomba kuchokera kumwamba ndi pamadzi pomwe.

Udzudzu uliko, ndipo ndi wamitundu iwiri. Wa malungo mumaudziwa, umaluma usiku. Malo ogona otchipa ena ali ndi neti, ena neti yake ndi yobooka, ndiye amene ali ndi neti yopepuka aitenge, ndi yofunika kuposa suti. Koma kulinso udzudzu wamawangamawanga oyera ndi akuda womwe umaluma masana ndipo umafalitsa matenda a dengue, omwe adavuta mumzindawu mu 2014 ndi mu 2019. Umenewo neti siuthandiza, koma mankhwala opaka othamangitsa udzudzu ndi zovala zazitali. Mukabwerako n'kumva kutentha thupi, uzani adokotala komwe mudali. Amene mumamwa mankhwala tsiku ndi tsiku, kaya a BP, a shuga kapena ma ARV, tengani opitirira masiku omwe mwakonza, chifukwa basi imafa, katundu amachedwa kudoko, ulendo wa masiku asanu umasanduka wa masiku khumi. Akhale m'botolo lawo, pamodzi ndi buku lanu la kuchipatala, m'chikwama chomwe sichichoka pathupi panu.

Pali chinthu china chomwe Mmalawi amalongedza osaganiza n'komwe: majumbo. Nsapato m'jumbo, sopo m'jumbo, kamba wa panjira m'jumbo. Dziko la Tanzania lidaletsa majumbo apulasitiki kuyambira pa 1 Juni 2019, ndipo lamulolo limakhudza ndi alendo omwe. Kwathu kuno nkhani ya mapulasitiki opyapyala yakhala ikupita kukhoti n'kubwerera, ndiye tidazolowera kuti lamulo lotere ndi lapawailesi chabe. Musapite ndi maganizo amenewo. Kulungani nsapato m'nyuzipepala, kamba muike m'kontena, ndipo tengani thumba lansalu logulira zinthu. Kambayo akhale wouma, monga mtedza wokazinga, chimanga chokazinga kapena mbatata yootcha. Nkhuku yokazinga ndi mazira owiritsa idyani musadafike ku Iringa, chifukwa mukatsika Kitonga sizichedwa kusasa. Ufa musanyamule. Ugali uliko paliponse, ngakhale ndi wolimba kuposa nsima yathu, ndipo mpunga, nyemba, nsomba ndi tchipisi chokazingira pamodzi ndi mazira n'zosasowa.

Ndalama ndi mapepala zili ndi mdani yemwe sitimuwerengera, thukuta lomwe lija. Tonse timadziwa kuti mpamba umasungidwa pathupi, m'kathumba ka m'kati, osati m'chikwama chakumsana. Koma ndalama zomwe zakhala pamimba tsiku lonse ku Kariakoo zimatuluka zonyowa, ndipo pasipoti ikanyowa masamba ake amafufuma, chidindo n'kufalikira. Pezani kachikwama ka zipi kosalowa madzi. Gawani ndalama pawiri kapena patatu, ndipo zogulira madzi ndi zolipira basi zikhale padera kuti musamatulutse mtolo wonse pagulu. Jambulitsani tsamba loyamba la pasipoti, pepalalo likhale kwina, ndipo nambala za foni za abale zilembedwe papepala, chifukwa foni ikabedwa mutu sukumbuka nambala ngakhale imodzi. Mmalawi safunika viza popita kukacheza ku Tanzania, koma onetsetsani kuti chidindo cholowera chadindidwadi ndipo mwawerenga masiku omwe akupatsani. Malisiti a katundu aliyense yemwe mwagula asungeni mouma momwemo, mudzawafuna pa Songwe pobwerera. Tchaja ya foni ndi yomweyi ya mano atatu, m'malo ambiri imalowa bwinobwino.

Cholembera ndi kakope kakang'ono ndi zida za wopikula. Chiswahili ndi chibale cha Chichewa: maji ndi madzi, mvua ndi mvula, njia ndi njira, nyama ndi nyama. Koma manambala ndi ena. Mia ndi 100, elfu ndi 1,000, laki ndi 100,000. Mukasokonezeka mpatseni wamalondayo cholembera alembe mtengowo. Chosokoneza kwambiri ndi nthawi. Choyamba, Tanzania ili patsogolo pathu ndi ola limodzi, ndiye mukangowoloka Songwe kankhani wotchi. Chachiwiri, m'Chiswahili maola amayamba kuwerengedwa dzuwa likatuluka, mwakuti "saa moja asubuhi", ola loyamba la mmawa, ndi 7 koloko, ndipo "saa kumi na mbili", ola la 12, ndi 6 koloko. Wogulitsa matikiti akakuuzani nthawi yonyamukira basi, muuzeni akulembereni patikitipo, ndipo mufunse ngati ndi ya Chiswahili kapena ya pawotchi. Mufunsenso komwe basiyo ikunyamukira. Mabasi akuluakulu a maulendo ataliatali adachoka ku Ubungo, tsopano siteji yawo yaikulu ndi ya Magufuli ku Mbezi, kunja kwa mzinda, ndipo kuchoka ku Kariakoo kukafika kumeneko ndi katundu pa nthawi yomwe magalimoto athithikana si ulendo wa mphindi khumi.

Ndingakhale mphunzitsi wachabe ndikapanda kunena kuti musabwerere osaiona nyanjayo. Ambiri amatsika basi, kulowa Kariakoo, kumanga mabelo, kukweranso basi, osaponda ngakhale mchenga. Patulani theka la tsiku. Pitani mmamawa ku Kivukoni, kumsika wa nsomba, mukaone nsomba zotalika ngati munthu ndi zamoyo zina zomwe ku Senga Bay simudzaziona. Kwerani pantoni yowolokera ku Kigamboni, mtengo wake ndi wochepa, ndipo muli pamadzipo mudzaona sitima zikuluzikulu zikulowa padoko lomwe mafuta ambiri ndi magalimoto a kuno amatsikira. Pa ichi mufunika kabudula kapena chitenje chosambira, ndi patapata uja, chifukwa pansi pamakhala miyala yakuthwa ndi tizilombo taminga. Koma nyanja iyi si ya Malawi. Madzi ake samweka, sopo sachita thovu, ndipo mukatuluka muyenera kusambanso madzi abwino, apo ayi mchere umauma pakhungu n'kumayabwa. Komanso imayenda. Kawiri patsiku madzi amaphwera kutali n'kusiya mchenga, kenako n'kubwereranso, nthawi zina kukwera mamita atatu, chifukwa cha mphamvu yokoka ya mwezi. Ana a sukulu ndikawaphunzitsa zimenezi amandiyang'ana ngati ndikunama. Musasiye zovala ndi foni pafupi ndi madzi n'kupita kukayenda, ndipo musatsatire madzi ophwerawo kutali ngati simudziwa kusambira.

Chikwama chenichenicho chikhale chaching'ono, choti mutha kuchinyamula nokha pokwera basi zothamanga za mumzinda zomwe amazitcha mwendokasi, momwe anthu amathinana ngati matumba. Sutikesi yamateyala imavutika m'misewu ya mchenga ndi matope. Zikwama zikuluzikulu zamizeremizere zonyamulira katundu musachoke nazo kuno, n'zambiri komweko ndipo mudzagula mutadziwa kuchuluka kwa zomwe mwapikula. Pomanga katundu wobwerera, juzi ija ndi masokosi musaziponye pansi pa belo poti mwakhala sabata osazifuna. Mudzakwera basi ku Mbezi thukuta lili kamukamu, koma Mafinga ndi Makambako zikadali pomwe mudazisiya.